Kujambula mabwinja ndi nyumba zomera tchire kuti chithunzi chigwire mtima

Ambiri amene amayesa kujambula malo osiyidwa amabwerako ndi dandaulo limodzi. Ali pamalopo thupi linachita tsemwe: sitolo yopanda denga, mizu ya kachere itang'amba khoma, mkati muli zii. Koma potsegula foni kunyumba, chooneka ndi masamba okhaokha, khoma lakuda bii ndi thambo loyera mbuu. Woonetsedwa amangoti, "Ndiye mwajambula tchire?" Ena mavuto amawayambira asanajambule n'komwe: mlonda wawathamangitsa, anthu a m'mudzi awazungulira, kapena abwerako akudzikanda chitedze.

Foni yotchipa isanamiziridwe mlandu. Maso anu amasankha chinthu chimodzi n'kuiwala zina zonse, pomwe kamera imatola chilichonse chili patsogolo pake. Chinanso, bwinja lililonse lili ndi mwini wake ndi nkhani yake, ndipo amene sanafunse nkhaniyo sadziwa pomwe angalozetse kamera.

Zoyenera kunyamula

- Foni kapena kamera, batire yodzaza, ndi power bank. Kumene kulibe netiweki foni imatha moto msanga poifunafuna, choncho ikani pa flight mode mukayamba kujambula.
- Choimikira kamera cha miyendo itatu. Ngati mulibe, thirani nyemba kapena mchenga m'sokisi n'kumanga kukamwa. Mukaika pa njerwa kapena pazenera, foni imakhazikika bwinobwino.
- Kansalu kofewa kopukutira lenzi, ndi jumbo yotchingira mvula.
- Tochi yeniyeni, osadalira ya pafoni.
- Jombo kapena nsapato za pansi pokhuthala, thalauza lalitali lolowetsedwa m'sokisi, ndi malaya a manja aatali. Patapata ayi.
- Ndodo yaitali, yoyesera pansi ndi kugwedezera udzu.
- Masiki yotseka pakamwa ndi mphuno.
- Madzi ambiri, osachepera malita awiri, akumwa ndi otsukira m'maso zikavuta.
- Selotepi yotakata, yomatulira ubweya wa chitedze pakhungu.
- Chitupa cha unzika ndi ndalama zing'onozing'ono.
- Mnzanu. Osapita nokha, ndipo wina kunyumba adziwe komwe mwalowera ndi nthawi yobwerera.

Chikwanje sichinalembedwe dala. Tchirelo ndi limene mwapitira, ndipo mlendo wonyamula chikwanje pamalo a eni amaoneka mwina.

Gawo 1: Sankhani malo, ndipo yambani pafupi

Simufunika ulendo wautali. M'matauni ang'onoang'ono ambiri muli masitolo a khonde lalikulu amene amwenye anawasiya m'zaka za m'ma 1970, boma litawalamula kuti azichitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Ena anthu anapitiriza kugulitsiramo, ena anagwa denga. M'maesiteti a fodya a ku Kasungu, Mchinji ndi Lilongwe muli zigafa ndi mabani a njerwa amene utsi unaleka kutulukamo kalekale. Ngakhale kumudzi kwanu komwe, pamene pali mitengo ya mango itaima payokha pakati pa munda, kawirikawiri pamakhala pa bwinja. Mukayang'ana pansi mupeza mapale ndi mafuwa.

Mukazolowera, pali malo odziwika. Fort Lister, linga lakale la asilikali a atsamunda, ili pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, ndipo inamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Fort Mangochi, nayonso ya m'zaka za m'ma 1890, ili m'mapiri a kum'mawa kwa Mangochi ndipo makoma ake azingidwa ndi mitengo. Ku Cape Maclear kuli manda a amishoni a Livingstonia yoyamba, amene anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawasautsa. Ku Chigwa cha Shire kuli njanji imene inaduka pa Chiromo madzi atakokolola mu 1997, ndi doko la Nsanje limene linatsegulidwa mu 2010 koma sitima zonyamula katundu sizinayambe kufikapo monga zinkayembekezekera. Ku Changalume, pafupi ndi Zomba, kuli fakitale ya simenti yomwe inatsekedwa.

Chenjezo: m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu muli nyumba zakale zogumuka, koma zina zili tsidya la Mozambique chifukwa msewuwo umayenda m'malire enieni. Mukawoloka n'kuyamba kujambula muli m'dziko la eni. Nkhondo ya kumeneko inatha mu 1992, komabe chitsulo chachilendo chilichonse chimene mungachione m'tchire musachikhudze. Ndipo malo a asilikali, apolisi, ndende, mabwalo a ndege ndi nyumba za boma zotetezedwa musawajambule popanda chilolezo cholembedwa, ngakhale ataoneka osiyidwa bwanji.

Gawo 2: Funsani eni malo

Gawo ili ndi limene achinyamata a m'tauni amakonda kulidumpha, ndipo safunsa anadya phula. Kuno kwathu malo opanda mwini kulibe. Ngati si a banja ndi a mfumu, a mpingo, a kampani kapena a boma.

Kumudzi yambirani kwa a nyakwawa. Odirani, khalani pansi, moni athe, kenaka fotokozani mwachidule: "Zikomo a mfumu, ndachokera ku Zomba, ndimajambula nyumba zakale. Ndaona nyumba ili kuseri kwa sukulu ija, ndiye ndati ndisalowe ngati wakuba, ndiyambe ndafika kuno. Kodi eni ake alipo? Nanga pali pomwe sindiyenera kuponda?" Aonetseni zithunzi zina zimene munajambulapo kuti aone chomwe mukunena. Pemphani munthu wokuperekezani, ndipo pobwerera mumupatse kangachepe. Pa fakitale, siteshoni kapena esiteti, mlonda sangakupatseni chilolezo chenicheni. Mufunseni ofesi yoyenera. Kumunyengerera ndi ndalama kuti akulowetseni mwamseri n'kumuika pa moto, chifukwa chithunzi chikatuluka wochotsedwa ntchito ndi iyeyo.

Mukapeza wokuperekezani, mufunseni mafunso atatu: Ankakhala pano ndani? Anachoka liti, chifukwa chiyani? Inu mumakumbukira chiyani za pano? Mayankho ake ndi amene akuuzeni chojambula. Mayi wachikulire akakuuzani kuti "pakhonde apa mpamene telala ankasokera mayunifolomu athu", mwapeza chithunzi chimene panokha mukanachidutsa.

Chenjezo lalikulu: kuchigawo chapakati, kankhalango kowirira kotsala pakati pa minda nthawi zambiri kamakhala manda, ndipo pafupi pake pangakhale dambwe. Kumanda salowako wamba popanda mfumu kudziwa, ndipo kudambwe munthu wosalowa gule sapondako. Chimodzimodzi malo opembedzera makolo, monga Khulubvi ku Nsanje: ali ndi malamulo ake ndi owayang'anira. Mitengo yake ndi yokongoladi, n'chifukwa chake ambiri amakopeka, koma mlandu wake ndi wa mbuzi kapena kuposa.

Kumbukiraninso kuti mlendo woyendayenda m'tchire ndi zipangizo zachilendo amakayikitsa. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikira, anthu anaphedwa pongoganiziridwa. Enanso angakuyeseni woba zitsulo kapena wofuna kulanda malo. Mukamayenda ndi mwana wa m'mudzimo, zonsezi zimachepa.

Gawo 3: Sankhani nyengo ndi ola

Malo amodzi omwewo amasintha nkhope katatu pachaka.

Kuyambira Januwale mpaka Epulo zonse ndi zobiriwira, zilambe zakwera makoma, ndere zaphuka pa njerwa. Imeneyi ndi nyengo yoonetsa kuti tchire lalanda nyumba. Kuipa kwake, udzu umatalika mpaka kubisa nyumbayo, njira zimaterera, ndipo makoma a zidina onyowa amagwa mosachenjeza.

Meyi mpaka Julayi, kwa ine, ndiyo nyengo yabwino koposa. Udzu wayamba kufiira koma mitengo idakali ndi masamba, choncho chithunzi chimakhala ndi mitundu iwiri kapena itatu m'malo mwa kubiriwira kokhakokha. Ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba kumabwera chiperoni, ndipo nkhungu yake imafufuta zosokoneza zonse za kumbuyo n'kusiya khoma ndi mtengo basi. Ambiri akaona chiperoni amabwerera m'bulangete; inu tulukani. Koma imeneyinso ndi nyengo imene chitedze chimakhwima.

Ogasiti mpaka Novembala tchire lapsa, maziko ndi masitepe obisika aonekera, kumwamba kuli utsi ndi fumbi. Zithunzi zake zimatuluka zouma, zachisoni, zoyenera zakuda ndi zoyera. Samalani ndi moto wa osaka mbewa.

Za ola: dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko mu Novembala ndi cha m'ma 6 mu Julayi, ndipo kuno limakwera mofulumira. Kuwala kofewa kwa m'mawa sikukhalitsa, choncho fikani kusanache bwino, kapena dikirani ola lomaliza dzuwa lisanalowe. Pakati pa 10 m'mawa ndi 3 masana, dzuwa lodutsa m'masamba limawaza mawangamawanga oyera ndi akuda pakhoma, ndipo palibe foni imene ingawongole zimenezo. Tsiku la mitambo, kapena mvula itangokata, mungajambule nthawi iliyonse. Njerwa zonyowa zimafiira bwino.

Gawo 4: Zungulirani malowo foni ili m'thumba

Mphindi 15 zoyambirira musajambule kanthu. Yendani pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, mukuyang'ana zoopsa komanso komwe kuwala kukuchokera.

Choopsa chachikulu pa bwinja ndi dzenje la chimbudzi chakale kapena chitsime. Mitengo yoyala pamwamba inaola, udzu unamera, ndipo pamangooneka ngati pansi wamba. Kawirikawiri chimbudzi chimakhala kuseri kwa nyumba chapatali pang'ono. Pamene nthaka yatitimira kapena udzu wanenepa mosiyana ndi pozungulira, lambalalani. Yang'anani m'mwamba musanalowe pakhomo lililonse: phaso lodyedwa ndi chiswe limaoneka lamphumphu kunja. Musatsamire khoma, musakwere masitepe a matabwa.

Mphiri sithawa, imangogona panjira, n'chifukwa chake jombo ndi ndodo n'zofunika. Njoka zolavula zimakonda milu ya njerwa ndi malata akale. Ikakulavulirani m'maso, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala. Utomoni wa nkhadze, womwe umapezeka m'mipanda ya mabwinja ambiri, nawonso ukalowa m'maso chitani chimodzimodzi. Wolumidwa ndi njoka asatemedwe mphini kapena kumangidwa chingwe cholimba, athamangitsidwe kuchipatala. Mavu amamanga pamwamba pa zitseko, njuchi m'machumuni ndi m'denga. Mukamva kulira kwa njuchi kapena fungo lamphamvu la mileme, bwererani kapena valani masiki, chifukwa fumbi la ndowe za mileme limatha kudwalitsa mapapo, makamaka kwa amene chitetezo cha m'thupi n'chofooka. Malata otuwa okhuthala a asibesitosi musawaswe kapena kuwapondaponda. Msomali wadzimbiri ukakubayani, tsukani bala n'kukafunsa za katemera wa kafumbata.

Chitedze chikakugwerani musakande. Vulani chovalacho, matani selotepi pakhungu n'kumatula kangapo, kenaka sambani.

Gawo 5: Tchulani chomwe chakugwirani mtima

Apa mpamene pagona ntchito yonse. Musanakweze foni, dzifunseni: ndikumva chiyani, ndipo n'chiyani kwenikweni chikundichititsa kumva choncho? Yankho likhale chinthu chimodzi chimene mungachiloze ndi chala. "Malo onsewa" si yankho.

Nthawi zambiri chinthucho chimakhala pamene dzanja la munthu lakumana ndi tchire. Loko wadzimbiri ali chitsekere pa chitseko cha nyumba imene denga linachoka kalekale: wina anakhoma akuganiza kuti abweranso. Bolodi lopakidwa pakhoma la kalasi, mtengo wa mpoza utamera pomwe mphunzitsi ankaima. Mwaye wakuda pakhoma la khitchini, pansi pake mafuwa atatu ali m'malo mwake, chisoso chitamera pakati. Sitepe ya simenti yoperepeseka pakati ndi mapazi a anthu amene sadzapondaponso. Khoma lopanda chizindikiro cha munthu ndi mulu wa njerwa chabe, ndipo tchire lopanda khoma aliyense ali nalo kuseri kwa nyumba yake.

Mukatchula chomwe mukumva, chikuuzani kajambulidwe:

Ngati ndi kusungulumwa, bwererani m'mbuyo, nyumbayo ichepe, ndipo siyani danga lalikulu la thambo kapena udzu.

Ngati ndi mantha, gwadani pansi, khomo lakuda likhale pakati, ndipo mdima wake muusiye wakuda. Musauwalitse.

Ngati ndi kupukwa, kukumbuka kwanu kapena sukulu yanu yakale, senderani pafupi ndi tinthu tating'ono, kuwala kwa m'mawa kukuchokera m'mbali.

Ngati ndi kuzizwa ndi mphamvu ya mtengo, dzazani chithunzi chonse ndi muzu ndi mng'alu umene wapanga. Kachere ndi mkuyu ndi akatswiri pamenepa. Mbalame imasiya njere pamwamba pa khoma, mizu n'kutsika kufunafuna nthaka, ikulowa m'mipata ya njerwa mpaka khomalo limaima chifukwa cha mtengo womwe unaling'amba.

Ndipo musadzikakamize kumva chisoni. Mabwinja ena ndi a mtendere: anthu anasamukira ku nyumba yabwino ya malata pafupi pomwepo, ana amadzatola mango, mbuzi zimabisala mvula. Jambulani zomwezo.

Chenjezo: pali mabwinja amene bala lake silinapole. Midzi imene namondwe wa Freddy anaigumula mu Malichi 2023, ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, yayamba kumera tchire, koma m'malo ena pansi pa miyala imene inakwirira nyumbazo pali anthu amene sanapezeke. Kwa abale awo amenewo ndi manda. Ngati opulumuka sanakuitaneni kapena kukulolani ndi mtima wonse, kamera ikhale m'chikwama.

Gawo 6: Konzani kuwala pa foni kapena kamera

1. Pukutani lenzi. Zithunzi zambiri zooneka ngati za utsi ndi thukuta la chala chabe.
2. Zimitsani flash.
3. Yatsani grid, mizere yothandiza kuwongola chithunzi, ndi HDR, imene imathandiza kuti powala ndi pamdima paoneke pamodzi.
4. Dinani pa chinthu chomwe mwasankha chija ndi kugwira kwa kanthawi mpaka foni itseke focus, kutanthauza kuti chinthucho chikhale chooneka bwino osasinthasintha.
5. Tsitsani kuwala ndi chala mpaka thambo kapena zenera lisiye kuyera mbee. Foni payokha imakonda kuwalitsa malo a mthunzi mopitirira, ndipo mdima umene unakuchititsani tsemwe uja umathera pomwepo. Pamene padera mungapawalitse pambuyo pake, koma pamene payereratu palibe chobweza.
6. Ngati kamera ya foni ili ndi Pro, pomwe mumadzikonzera nokha zonse, ikani ISO (mphamvu yake yogwira kuwala) pa 50 kapena 100, ndipo white balance (yowongolera mitundu) pa chizindikiro cha dzuwa. Pansi pa masamba foni imasokonezeka, khoma n'kutuluka lobiriwira kapena lofiirira mosayenera.
7. Shutter (nthawi imene kamera imakhala ikulowetsa kuwala) ikachedwa kupitirira 1/30 ya sekondi, dzanja silingagwire osanjenjemera. Khazikani foni pa sokisi ya nyemba ija, ikani timer ya masekondi 3, chotsani dzanja.

Wa kamera yaikulu ayambire pa f/8 (kukula kwa chibowo cha lenzi), ISO 100 kapena 200, pa choimikira, ndipo ajambule RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zambiri zodzakonzera. Mkati mwa nyumba ya mazenera owala, jambulani katatu osasuntha kamera, muyezo wa kuwala uli pa -2, 0 ndi +2, kuti mudzaphatikize pokonza.

Chenjezo: mphepo. Shutter ikachedwa, khoma lituluka bwino koma masamba asanduka phala. Dikirani mphepo idekhe, kapena kwezani ISO kufika 400 kapena 800 kuti shutter ifulumire. Night mode imathandiza m'chipinda cha mdima, koma imasandutsa usiku kukhala usana; tsitsani kuwala musanadine.

Gawo 7: Jambulani patali, pakatikati ndi pafupi

Pa malo aliwonse tengani mitundu itatu ya zithunzi. Cha patali chioneke nyumba ndi pomwe yakhala, phiri kapena munda kumbuyo. Cha pakatikati chitenge khomo, zenera kapena ngodya imodzi. Cha pafupi chitenge loko, mng'alu, penti yosupuka, dzina lolembedwa ndi khala. Anthu ambiri amathera pa choyamba, pomwe chogwira mtima chimakhala chachitatu.

Kuti tchire lisakhale chipwirikiti, funani mzere wowongoka umene munthu anapanga, monga felemu ya chitseko, njanji, mzati wa khonde, ndipo masamba azungulire mzerewo. Imani mkati n'kujambula kunja kudzera pazenera, kapena imani panja nthambi ikhale pafupi ndi lenzi, nyumba ioneke kuseri kwake. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa masamba, amawala ngati ayatsidwa ndipo amasiyana bwino ndi khoma lakuda. Likachokera m'mbali, limatulutsa makwinya onse a njerwa. Likakhala kumsana kwanu, zonse zimaphwatalala.

Foni igwireni mowongoka. Mukaipendeketsa m'mwamba, makoma amaoneka ngati akugwera m'mbuyo. Ndi bwino kubwerera masitepe angapo, koma yang'anani kaye kumbuyo, musabwerere chambuyo maso ali pa foni. Lenzi ya 0.5x imapinda makoma m'mphepete. Igwiritseni ntchito m'chipinda chopanikiza basi. Kukoka chithunzi ndi zala kupitirira pomwe lenzi ya foni yanu imafika kumangochiwononga. Senderani ndi miyendo.

Musanadine, yendetsani diso m'ngodya zonse zinayi. Jumbo ya buluu, waya wa magetsi kapena chigongono cha mnzanu zimabisala m'menemo.

Gawo 8: Munthu alowemo kapena ayi?

Munthu mmodzi ataima patali amaonetsa kukula kwa malo. Koposa apo, gogo amene anaphunzira m'kalasi imeneyo, ataima pakhomo pake, amapereka chithunzi chimene nyumba yokha singapereke. Mupempheni, muuzeni komwe chithunzicho chikapite, mumuonetse mukajambula, ndipo ngati n'kotheka mudzamutsukire chimodzi. Ana musawajambule popanda kholo.

Nyumba ina yooneka yosiyidwa mumakhala anthu. Grande Hotel ya ku Beira, ku Mozambique, inatsekedwa mu 1963, mitengo inamera m'makonde mwake, koma mpaka lero ndi mudzi wa mabanja ambirimbiri. Zoterezi zilipo ngakhale kuno pa nyumba zing'onozing'ono. Mukaona zovala pa chingwe, phulusa la dzulo kapena mphasa, mwalowa m'nyumba ya munthu. Tulukani, kaodireni.

Gawo 9: Konzani chithunzi ndi kuchitumiza

Mapulogalamu okonzera zithunzi a pafoni, Snapseed kapena Lightroom, ndi okwanira. Tsatirani ndondomeko iyi: wongolani makoma, dulani zosafunika m'mphepete, tsitsani powala kwambiri, kwezani mthunzi pang'ono chabe, kenaka chepetsani kubiriwira. Udzu wa dzinja umatuluka wokuwa kwambiri pa foni. Mukatsitsa mtundu wobiriwira ndi wachikasu pang'ono, njerwa ndi dzimbiri zimayamba kuoneka. Yesani zakuda ndi zoyera pa zithunzi za mizu ndi ming'alu, koma pamene nkhani ndi duwa lofiira la bougainvillea pa khoma lotuwa, mtundu usachoke.

Sankhani zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, osati zonse. Pa WhatsApp tumizani ngati document kapena dinani HD, apo ayi masamba aphwanyika. Lembani mawu ochepa oona: malowo anali chiyani, ndani anakuuzani ngati walola kutchulidwa, mwezi ndi chaka. Ngati pamalopo patsala malata, mafelemu kapena zitsulo, musatchule penipeni, ndipo zimitsani location pa kamera musanapite. Ogula zitsulo zakale nawonso ali pa Facebook.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kusanja zinthu. Wina amabweretsa nsapato ya mwana kapena chidole n'kuika pakhomo kuti anthu amve chisoni. Diso limazindikira: chinthu chokhalitsa chimakhala ndi fumbi pamwamba ndi chidindo pansi pake. Ndi bodzanso pa mbiri ya banja la eni.

Kusadza tchire kuti nyumba ioneke. Sunthani inuyo. Nthambi imodzi ikatchinga, mnzanu aigwire n'kuibweza.

Kutola chikumbutso. Botolo lakale, njerwa ya chidindo, chipolopolo, phale: zisiyeni pomwepo. Pa malo ngati Fort Lister ndi Fort Mangochi, lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kuchotsa kapena kuwononga kanthu popanda chilolezo. Kulemba dzina lanu pakhoma ndi chimodzimodzi.

Kuulutsa drone, kandege kojambulira kopanda munthu mkati, mosafunsa. Imafuna chilolezo cha oyang'anira za ndege, ndipo kumudzi phokoso lake limasonkhanitsa khamu m'mphindi zochepa.

Kukometsa mopitirira. HDR ndi sharpening (kuthwetsa mizere ya chithunzi) zikachuluka, m'mphepete mwa denga mumatuluka mzere woyera ndipo njerwa zimaoneka ngati zojambula pamanja. Mukamaliza kukonza, bwezani theka la zomwe mwawonjezera.

Kulemba za mizukwa ndi ufiti pofuna ma like. Mawu akuti "nyumba ya mizukwa" pa chithunzi cha nyumba ya banja lodziwika m'deralo angabweretsere achibale otsala chitonzo, ngakhale chiwawa, makamaka ngati ndi okalamba.

Kupeka mbiri. Si nyumba iliyonse ya njerwa zofiira imene ndi "ya atsamunda". Ngati wokuperekezani wanena kuti akuganiza chabe, inunso lembani kuti anthu a m'deralo amatero.

Kuchedwa mpaka mdima. Kuwala kokoma kwa madzulo kumatha mwadzidzidzi, ndipo njira ya m'tchire imene munalowera masana usiku siyioneka. A kabaza agwirizane nanu ola lodzakutengani musanalowe, ndipo nyamukani dzuwa lidakali pamwamba pa mitengo ngati msewu uli patali.

Kupita kamodzi kokha. Bwererani pa malo omwewo mu Febuluwale, mu Juni ndi mu Okutobala, muime pa mwala womwewo, foni pa msinkhu womwewo. Kuti musaphonye, sungani chithunzi choyamba pa foni n'kuchiyerekeza ndi chomwe mukuona musanadine, ndipo ulendo uliwonse dzerani kaye kwa a mfumu muwaonetse zomwe munajambula ulendo wapitawo.